Zolemba za Ntchito Yophunzitsa Akuluakulu Kuyenda pa Ski ku Oslo

Kumapeto kwa Okutobala

Komiti ya kalabu yathu ya masewera, yomwe ili m'chigwa cha Groruddalen kum'mawa kwa mzinda wa Oslo m'dziko la Norway, yavomereza kuti m'nyengo yozizira ikubwerayi tiyambitse maphunziro a kuyenda pa ski a anthu akuluakulu amene sanayeserepo masewerawa chibadwire. Ine ndapatsidwa udindo wosunga zolemba za momwe ntchitoyi ikuyendera, komanso wothandiza aphunzitsi athu aakulu, mayi a konkuno amene akhala akuphunzitsa ana a m'kalabuyi kwa zaka zambiri. Ski ndi timatabwa titalititali tovala kumapazi poyenda pa chipale chofewa, ndipo imene tikunena pano si ija yotsetsereka kuchokera pamwamba pa phiri munthu atakwezedwa ndi makina, koma yoyenda mtunda wautali m'nkhalango, pachidikha, pachitunda ndi pamtsetse, munthu akudzikankha yekha ndi miyendo komanso ndodo ziwiri. Eni dziko amaitchula kuti langrenn.

Chimene chatikakamiza ndi zomwe timaona chaka ndi chaka pabwalo la kalabu. Ana obadwira kuno amayamba ski ali kusukulu ya mkaka, ndipo pofika zaka 6 kapena 7 amakhala akuthamanga m'mizere yoyendamo ski mopanda mantha, pamene makolo awo, amene anafika m'dziko muno atakula kale, amaima m'mphepete mwa bwalo manja ali m'matumba, kudikira kuti phunziro lithe abwerere kunyumba. Kuyambira Novembala mpaka Malichi makolo amenewa amangodziwa njira ya kuntchito ndi ya kugolosale, ndipo ambiri amadandaula za kulemera kwa thupi, kusowa tulo ndi kusungulumwa. Chonsecho nkhalango ya Marka ili pakhomo penipeni pa mzinda, ili ndi njira za ski zotalika makilomita oposa 2,600 zimene bungwe la Skiforeningen pamodzi ndi khonsolo ya mzinda amakonza, ndipo kuyendamo salipiritsa. Lamulo la m'chaka cha 1957 lokhudza kuyenda m'tchire limapatsa aliyense ufulu wodutsa m'nkhalango posayang'ana kuti mwini malo ndani, koma munthu wosadziwa kuima pa ski ufulu umenewu sumupindulira kanthu miyezi yonse ya chisanu.

Cholinga chimene tagwirizana ndi chimodzi, ndipo ndachilemba pano kuti tidzadziyeze nacho. Pofika kumapeto kwa Malichi, wophunzira aliyense azitha kunyamula ski zake, kukwera sitima ya T-bane nambala 5 imene imadutsa m'dera lathu mpaka pothera pake ku Sognsvann, kuyenda makilomita pafupifupi 5 kukafika kunyumba yopumulirako ya Ullevålseter, n'kubwerako bwinobwino popanda mphunzitsi womuyang'anira. Za mipikisano ndi za liwiro tazisiya dala. Amene alembetsa ndi anthu ochokera ku Somalia, Eritrea, Pakistan ndi Poland, komanso abale athu ochepa a ku Malawi ndi ku Zambia. Ena mwa abalewa akuphunzira payunivesite ya ku Ås, imene yakhala pa ubale ndi koleji ya Bunda kwa nthawi yaitali, ndipo alonjeza kuti azikwera sitima kubwera kuno Loweruka lililonse.

Novembala

Mwezi uno wathera pa zipangizo. Tinapempha mamembala a kalabu kuti abweretse ski, ndodo ndi nsapato zimene zangokhala m'zipinda zawo zosungira katundu, ndipo anthu anayankha ndi mtima wonse pa tsiku la dugnad, lomwe onse amagwira ntchito ya kalabu mosalipidwa. Vuto linaoneka posankhula. Chomangira nsapato pa ski chili m'mitundu ingapo yosagwirizana: pali chakale cha timano titatu, pali cha SNS, ndiye pali cha NNN chimene chafala masiku ano. Nsapato ya mtundu wina siingalowe pa chomangira cha mtundu wina, choncho mulu waukulu umene tinausangalalira m'mawa unachepa kwambiri pofika madzulo. Tagwirizana kuti tisunge za NNN zokha, kuti wophunzira akadzagula nsapato zake m'tsogolo asadzavutike kupeza zoyenerana nazo.

Ntchito imene yatenga nthawi yambiri ndi yoyeza munthu aliyense ndi ski zomuyenera, ndipo ndikufuna ndiifotokoze bwino chifukwa zonse zimene tidzaphunzitse zatsamira pamenepa. Ski ya langrenn si yathyathyathya. Ukaiika pansi, nsonga yake ndi mchira wake ndi zimene zimakhudza pansi, pamene pakati, pomwe pamaponda phazi, pamakhala potukuka pang'ono. Pakati pamenepo ndi pamene amapakapo phula logwira chipale. Munthu akaima ndi mapazi onse awiri, kulemera kwake kumagawika, pakati paja sipafika pansi, ndipo ski imatsetsereka momasuka. Akaika thupi lake lonse pa phazi limodzi, pakati paja pamaphwatalala, phula limaluma chipale, ndipo munthuyo amapeza pokankhira kuti apite patsogolo. Ndiye kuti kulimba kwa ski kuyenera kugwirizana ndi kulemera kwa mwini wake. Mayi wopepuka thupi akavala ski za bambo wojintcha sangathe kuziphwatalalitsa, azingoterereka chobwerera m'mbuyo; bambo wolemera akavala zofewa, phula lizingokwekwereza pansi, ulendo wonse ukhale wokoka.

Tinayeza ndi pepala wamba. Wophunzira amaima pa ski zonse ziwiri pasimenti yosalala, wina n'kulowetsa pepala kunsi kwa phazi lake. Pepalalo liyenera kuyenda momasuka kupita kutsogolo ndi kumbuyo, koma munthuyo akanyamula phazi linalo n'kuima ndi limodzi, pepala liyenera kupanikizika osasunthanso. Kuti tisankhe ski zoyesa tinafunika kudziwa kulemera kwa aliyense, ndipo poti si nkhani imene munthu wamkulu amakonda kuinena pagulu, tinaika sikelo m'chipinda china, aliyense n'kumalemba yekha nambala yake pakapepala. Utali wa ski timautenga poonjezera masentimita pafupifupi 20 pa msinkhu wa munthu. Ndodo zizifika cha m'khwapa. Pa mipikisano lamulo limati zisapitirire magawo 83 pa 100 alionse a msinkhu wa wothamanga, ndipo muyeso umenewu ndi wabwinonso kwa ongoyamba. Zotsatira zake n'zoti ski zofewa tili nazo zokwanira, koma zolimba za anthu athupi zikuperewera. Ndi ndalama zochepa zimene komiti inatipatsa tagula mapeya angapo a ski zokhala ndi kachikopa ka ubweya kunsi, zimene sizifuna kupaka phula logwira.

Pa nkhani ya zovala panali kukambirana kwakutali. Aphunzitsi anafotokoza kuti chovala chokhudza khungu chikhale cha ubweya wa nkhosa, osati cha thonje, chifukwa thonje likanyowa ndi thukuta limasunga madziwo n'kumaziziritsa thupi, pamene ubweya umafunditsa ngakhale utanyowa. Pamwamba pake pakhale juzi yopyapyala ndi jekete yotchinga mphepo, ndipo munthu aziyamba ulendo akumva kuzizira pang'ono. Ambiri sanakhutire. Munthu amene anakulira kotentha ndipo wakhala akudziteteza ndi chijekete chachikulu chiyambireni kufika kuno, n'kovuta kumuuza kuti achisiye kunyumba tsiku limene akukathera maola awiri panja. Sitinakakamize aliyense.

Disembala

Chipale chofewa chinagwa masiku ochepa, kenako kunabwera mvula n'kuchikokolola chonse, ndipo bwalo lathu langotsala matope ndi madzi oundana. Tinaganizirapo zopita ku SNØ, nyumba yaikulu ya ku Lørenskog imene inatsegulidwa mu 2020 ndipo imakhala ndi chipale mkati mwake chaka chonse, koma thumba lathu silingakwanitse kulowetsa gulu lonse mobwerezabwereza. M'malo mwake tikukumana panja popanda ski. Timakwera chitunda cha kuseri kwa bwalo ndi ndodo m'manja, dzanja lamanja likuyendera limodzi ndi mwendo wamanzere, ndipo aliyense wapatsidwa ntchito ya kunyumba yoima ndi mwendo umodzi nthawi yonse imene akutsuka mano, m'mawa mwendo wina, madzulo winawo.

Mdima nawo ukutipinga. Masiku ano dzuwa likutuluka 9 koloko itadutsa n'kulowa 3 koloko itangopitirira kumene, moti kuwala sikukwana maola 6. Maphunziro a mkati mwa sabata adzachitikira panjira yokhala ndi magetsi imene ili pafupi ndi kalabu, ndipo a Loweruka tawaika masana.

Kumayambiriro kwa Januwale

Chipale chagwa chokwanira, ndipo makina adutsa pabwalo n'kusiya mizere iwiriiwiri yoyendamo ski. Phunziro loyamba silinali la kuyenda, linali la kugwa. Aphunzitsi anayamba ndi kudzigwetsa okha pamaso pa gulu, n'kuonetsa kuti munthu akaona kuti zalephereka agwere cham'mbali ndi thako, osati chakutsogolo ndi manja. Kenako anaonetsa kadzukidwe kake: kusonkhanitsa ski zonse ziwiri mbali imodzi, kuziyang'anitsa mopingasa ndi mtsetse, kukwawira kutsogolo mpaka maondo atakhala pamwamba pa ski, ndiyeno kudzuka ndi mwendo umodzi kaye. Aliyense anauzidwa kuti adzigwetse dala n'kudzuka yekha, mobwereza, mpaka manyazi atatha. Ndinaona kuti abambo ndi amene anazengereza kwambiri, makamaka amene akazi awo ndi ana awo anali pomwepo. Mwana akagwa amaseka n'kudzuka, koma munthu wamkulu amaganiza za ulemu wake, za bondo limene linamupweteka kale, ndiponso za ntchito imene angajombe akavulala, ndipo maganizo onsewa amaumitsa thupi lake asanayambe n'kuyenda komwe.

Titatha zimenezi tinawalanda ndodo. Panali kung'ung'udza, chifukwa wongoyamba amaona ndodo ngati chomuteteza kuti asagwe, pamene ntchito yake yeniyeni ndi yokankhira. Munthu akatsamira pa ndodo saphunzira kutsamira pa mwendo wake, ndipo apa ndi pamene pagona vuto lalikulu la gulu lathu. Pafupifupi onse amayenda mokwekwesa mapazi, ski zonse ziwiri zili pansi nthawi imodzi, thupi lili pakatikati. Poyenda chonchi palibe nthawi imene phazi limodzi limanyamula thupi lonse, choncho pakati pa ski paja sipafika pansi, phula siligwira, ndipo munthu akati akankhe, ski imathawira kumbuyo. Ambiri anabwera kwa ine kudzadandaula kuti ski zawo n'zoterera ndipo zikufunika phula lina. Aphunzitsi anavala ski za mmodzi wa odandaulawo, amene msinkhu ndi thupi lake n'zofanana ndi zawo, n'kuyenda nazo mpaka kumapeto kwa bwalo osaterereka ngakhale kamodzi.

Njira imene yathandiza kwambiri ndi yovula ski imodzi. Wophunzira amatsala ndi ski kuphazi limodzi ili mumzere, phazi linalo lili ndi nsapato yokha, ndipo amakankha ndi phazi lopanda ski n'kuyesa kukhalitsa pa ski imodziyo mmene angathere. Ndinakhala nthawi yaitali ndi mayi ena a kwathu amene amagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Iwo amati akangokankha, nthawi yomweyo amabweza phazi pansi, maso ali pa nsapato, mapewa atakwera mpaka m'makutu. Ndinawauza kuti, "Amayi, mapaziwo asiyeni, yang'anani mtengo uli kutsogolo ukowo, ndipo mphuno, bondo ndi chala chachikulu zikhale pamzere umodzi." Anayesa kangapo osaphula kanthu, kenako ulendo wina anakankha n'kuiwala kubweza phazi, ndipo ski inawatenga mtunda wa mamita angapo ali chiimire pa mwendo umodzi. Anaima, n'kutembenuka kuyang'ana pomwe anachokera, kenako anabwerera kukayambiranso popanda wowauza.

Aphunzitsi andiphunzitsa kumvetsera ndi makutu. Munthu akachedwa kusamutsa thupi, ski ya kumbuyo imatera msanga, isanafike pafupi ndi phazi linalo, ndipo imamveka kuti phwa pa chipale. Akasamutsa bwino, ski imatera mwakachetechete pambali kapena patsogolo pang'ono pa inzake. Tsopano ndimatha kudziwa amene akufunika thandizo ngakhale ndili chofulatira.

Kumapeto kwa Januwale

Kwazizira kwambiri. Pa mipikisano ikuluikulu saloleza kuthamanga kukazizira kupitirira madigiri 20 pansi pa ziro, koma ife taika malire athu pa madigiri 15, chifukwa ongoyamba amaima nthawi zambiri kumvetsera malangizo, ndipo munthu woima amazizidwa msanga kuposa woyenda. Phunziro limodzi talilepheretsa pa chifukwa chimenechi. Pa ena onse tikuuza anthu kuti aziyang'anana kumaso, ndipo akaona kachigamba koyera pa tsaya kapena pa mphuno ya mnzawo amuuze msanga kuti afunditsepo ndi chikhatho chofunda, osapatikita. Nkhani ya zijekete yatha yokha. Amene anabwera nazo ananyowa ndi thukuta m'mphindi zochepa, n'kuyamba kunjenjemera atangoima, ndipo sabata yotsatira anabwera ndi zovala za ubweya.

Tsiku limene tinalephera kutuluka tinaligwiritsa ntchito pophunzitsa za phula m'chipinda cha kalabu. Phula logwira limagwira ntchito chifukwa timibulu ta chipale timalowa pang'ono m'phulamo munthu akaponda, n'kutulukanso ski ikayamba kuyenda. Kukazizira kwambiri timibuluto timakhala takuthwa ndi tolimba, choncho pamafunika phula lolimba. Kukafunda timakhala tobulungira, ndipo pamafunika lofewa. Kampani ya Swix, imene inayamba mu 1946, inazolowetsa anthu kusiyanitsa maphulawa ndi mitundu: lobiriwira la kozizira kwambiri, labuluu la kozizira pang'ono, lofiirira la pafupi ndi ziro, ndi lofiira la pamene chipale chayamba kunyowa. Kwa ife lofunika kwambiri ndi labuluu lotchedwa Extra, limene pa chipale chatsopano limagwira kuyambira digiri imodzi mpaka madigiri 7 pansi pa ziro. Aliyense anapaka yekha, mopyapyala, kuyambira pa chidendene kupita kutsogolo, n'kusalaza ndi kachinkhupule kolimba, kenako kupakanso kachiwiri. Lamulo limene tawapatsa ndi loti ayambe ndi lolimba, chifukwa lofewa limatheka kupakidwa pamwamba pa lolimba, koma lolimba pamwamba pa lofewa silikhala bwino. M'mabokosi amene anthu anapereka tinapezamo maphula akale otereretsa okhala ndi mankhwala a fluor, amene bungwe la FIS, loyendetsa masewera a ski pa dziko lonse, linaletsa pa mipikisano kuyambira nyengo ya 2023/24 chifukwa amawononga chilengedwe ndi thanzi la opaka. Tawapatula kuti akatayidwe kumalo olandirira zinyalala zoopsa.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi kujomba. Gulu lachepa, ndipo nditaimbira amene asiya kubwera ndapeza kuti sikuti afooka ndi kugwa. Ambiri amagwira ntchito za mashifiti, ena m'zipatala, ena amayendetsa mabasi, ndipo ena alibe wowasiyira ana. Komiti yavomera kuti tionjezere phunziro Lamulungu masana anthu ataweruka kutchalitchi, ndipo achinyamata awiri a m'kalabu adzipereka kuti azisewera ndi ana pambali pa bwalo nthawi imeneyo.

Febuluwale

Tachoka pabwalo n'kuyamba zitunda. Pokwera chitunda chaching'ono, munthu amangofupikitsa mapazi n'kumathamanga pang'onopang'ono mumzere, maso ali pamwamba pa chitunda, chifukwa akawerama thupi limachoka pamwamba pa phazi ndipo ski imaterereka. Chitunda chikakula amatuluka mumzere n'kuyenda mayendedwe otchedwa fiskebein, otsegula nsonga za ski ngati chilembo cha V, m'mphepete mwa mkati mwa ski mukuluma chipale, ndodo zili kumbuyo. Izi anthu azigwira msanga, ngakhale zimatopetsa.

Kutsika ndi kumene kwabweza mantha onse a mu Januwale. Ski zikakhala m'mizere sizingachepetsedwe liwiro, ndipo munthu akaona mitengo ikuyandikira amaongola miyendo n'kutsamira kumbuyo, zomwe zimachititsa kuti ski zimuthawe kutsogolo. Tikuphunzitsa kupinda maondo, kuika manja patsogolo, ndi kutulutsa ski imodzi mumzere n'kuipingasa pang'ono kuti izikwekwereza. Pamtsetse waukulu amatulutsa zonse ziwiri n'kuchita plog, nsonga zitayandikana, michira itatalikirana, zidendene zikukankhira kunja. Apanso nkhani ndi yomwe ija ya mwendo umodzi, pakuti munthu sangatulutse ski mumzere ngati sanayambe waika thupi lake lonse pa inzake. Amene analimbikira zoyeserera za ski imodzi zija akutsika bwino, ndipo amene anazithamangira tawabweza pabwalo kuti akabwereze. Ena sanakondwe nazo, koma ine ndikuona kuti aphunzitsi achita bwino kusanyengerera pamenepa.

Tapeza ngozi yathu yoyamba. Bambo wina anagwa chakutsogolo pamtsetse n'kutchinjiriza ndi dzanja ndodo ili m'manja, ndipo anabinya pamfundo ya dzanja. Tinapita naye kuchipatala, kumene anapeza kuti fupa silinathyoke, koma sagwira ndodo kwa masabata angapo. Wapempha kuti azibwerabe n'kumayenda popanda ndodo pachidikha, ndipo tavomera. Kuyambira pano phunziro lililonse la zitunda likuyamba ndi kubwereza kagwedwe koyenera.

Popeza tsopano tikukumana ndi anthu ena m'njira, taphunzitsanso mwambo wa m'mizere. Munthu amayenda mumzere wa kumanja, wokwera amapatukira wotsika, woima amachoka mumzere kaye, ndipo wakugwa amadzuka msanga n'kusalaza dzenje limene wasiya. Kuyenda ndi nsapato pamizere yokonzedwa kumakwiyitsa anthu kwambiri kuno, ndipo ndi bwino ophunzira athu adziwiretu.

Anyamata ena a m'gululi apempha kuti tiwaphunzitse kuyenda kokankhira m'mbali, kopanda mizere, kumene amaona pa wailesi yakanema. Dzina limene lili pakamwa pawo ndi la Johannes Høsflot Klæbo, amene anapambana mendulo zonse 6 zagolide pa mpikisano wa dziko lonse ku Trondheim mu 2025. Kayendedwe kameneka kanafala m'zaka za m'ma 1980, makamaka Bill Koch wa ku America atapambana nako chikho cha dziko lonse mu 1982, ndipo kamafuna ski zazifupi, ndodo zazitali ndi nsapato zolimba m'kakolo, zomwe ife tilibe. Tawayankha kuti chaka chino ayi.

Malichi

Dzuwa labwerera, ndipo chipale chasintha. Masana chimasungunuka, usiku chimaundana, moti m'mawa mizere imakhala yolimba ndi yoterera, ndipo phula la m'zitini siligwiranso. Nthawi ngati imeneyi pamafunika klister, phula la m'chubu lomata ngati ulimbo wotchera mbalame, limene limakakamira m'manja, pa magolovesi ndi pa mpando wa sitima ngati munthu sanamange ski zake moyang'anitsana. Amene ali ndi ski za kachikopa ka ubweya sanavutike ndi zonsezi, ndipo ndikuona kuti kwa munthu wongofuna kuyenda Loweruka ndi Lamulungu, ski zimenezi ndi zimene tiyenera kumalangiza.

Tisanapite ku Sognsvann tinakhala pansi n'kuwerenga malamulo 9 a chitetezo m'mapiri otchedwa Fjellvettreglene, amene anayamba mu 1952 n'kukonzedwanso mu 2016 ndi bungwe la oyenda m'mapiri la DNT pamodzi ndi la Red Cross. Njira ya ku Ullevålseter ndi ya m'nkhalango ya pafupi, yodutsa anthu ambiri, koma tinafuna kuti azolowere kuuza wina kumene akupita, kuona za nyengo asananyamuke, ndi kubwerera nthawi ikadalipo popanda kuchita manyazi. Aliyense ananyamula kachikwama kokhala ndi juzi yapadera, fulasiki ya koko, lalanje, chokoleti cha Kvikk Lunsj ndi kampasa kokhalira pa chipale.

Ulendowo tinaukonza kuti ufanane ndi cholinga chathu. Aliyense anakwera sitima payekha ndi ski zake, ndipo aphunzitsi ndi ine tinayenda kumbuyo kwenikweni osapereka malangizo pokhapokha wina atapempha. Njirayi imakwera pang'onopang'ono pafupifupi mtunda wonse, ndipo gulu linatambasuka msanga. Ambiri anafika, ena patapita nthawi yaitali ndithu, ndipo anthu awiri anabwerera panjira atatopa. Awiriwa anasankha okha, anatidziwitsa, n'kutsika bwinobwino mpaka kusiteshoni, ndipo pa ine chimenechi ndi mbali ya luso limene timafuna. Pobwerera ndinatsalira kumbuyo kwa mayi aja a kunyumba ya okalamba pamtsetse wina wokhota. Ndinawaona akutulutsa ski yakumanja mumzere nthawi yabwino, akupinda maondo, n'kukhota osagwa, pamene ine ndinali nditakonzeka kale kukawadzutsa. Anthu angapo anavula ski pamitsetse ikuluikulu n'kutsika wapansi m'mbali mwa njira, zomwe zikuonetsa kuti plog yawo siinakhwime pa chipale cholimba.

Tikupumula ku Ullevålseter, bambo wina wa ku Zambia anafunsa za mpikisano wa Birkebeinerrennet umene anzake a kuntchito akhala akuukonzekera. Aphunzitsi anafotokoza kuti ndi ulendo wa makilomita 54 kuchokera ku Rena kudutsa m'mapiri mpaka ku Lillehammer, umene unayamba mu 1932, ndipo aliyense amabereka chikwama cholemera makilogalamu 3.5 pokumbukira mwana wa mfumu, Håkon Håkonsson, amene asilikali awiri anamuthawitsa pa ski mu 1206. Sanamuletse, koma anamuuza kuti ayambe watha nyengo ina yonse akuyenda makilomita 15 kapena 20 mosavutika.

Chimene chandilimbitsa mtima kuposa ulendowo ndi mauthenga a pa gulu lathu la WhatsApp. Anthu ayamba kuitanizana okha mkati mwa sabata, kufunsana za phula la tsikulo, ndi kutumiza zithunzi ali m'njira za ku Lillomarka zimene ife sitinawaonetse.

Epulo

Chipale cha m'munsi chatha, ndipo maphunziro tatseka. Pa dugnad yomaliza tinachotsa klister yense pa ski, n'kupaka phula lotereretsa lochindikala kunsi kwake kuti zisaume m'chilimwe, ndipo peya iliyonse taimata kapepala kosonyeza kulemera kwa munthu amene ingamuyenere, kuti kuyeza kwa chaka chamawa kusadzatenge mwezi wathunthu. Nsapato zauma ndipo zaikidwa m'mabokosi motsata masaizi.

Poyerekeza ndi cholinga chathu, ambiri mwa amene anapitiriza mpaka Malichi angathe kuyenda ulendo wa ku Ullevålseter paokha nyengo ikakhala yabwino. Kutsika pa chipale choundana ndiye kukadali kofooka, ndipo amene anasiya mu Januwale phunziro la Lamulungu lisanayambe sanabwerere onse. M'lipoti limene ndapereka ku komiti ndapempha kuti phunziro la Lamulungu ndi osamalira ana zidzakhalepo kuyambira tsiku loyamba, kuti zoyeserera za mwendo umodzi zidzayambe mu Okutobala, ndiponso kuti tidzapatule maphunziro awiri a kutsika kokhakokha tisanapite m'nkhalango. Ophunzira atatu avomera kudzathandiza gulu latsopano m'zinenero zawo, ndipo aphunzitsi akufufuza maphunziro a uphunzitsi wa ski amene atatuwa angachite m'miyezi ikubwerayi. Komiti ikumana mu Meyi kukambirana za ndalama, ndipo choyamba pa pempho lathu ndi ski zolimba za kachikopa za anthu olemera makilogalamu oposa 90, zimene chaka chino tinachita kubwerekana.